Lipoti la wodwala: mnofu wa pachifuwa unazuka pafupa akunyamula zitsulo, mmene tinausokera

Anzanga a kuntchito, makamaka inu ma clinical officer a mafupa amene muli m'maboma ndi inu a fiziyo, ndati ndilembe mwatsatanetsatane za wodwala wathu wina chifukwa vuto lakelo ndi limodzi mwa aja amene amadutsa pamaso pathu ife nkumati ndi kubinya chabe, munthu nkumupatsa bulufeni kuti azipita, pomwe mkatimo tendoni, chingwe cholumikiza mnofu waukulu wa pachifuwa (pectoralis major) ku fupa la mkono, yaduka ndipo sabata iliyonse ikadutsa opaleshoni yake ikunka nivuta. Mwiniwake wavomera kuti ndilembe, dzina sinditchula ndipo zina zoti angadziwike nazo ndazisiya dala.

Wodwalayo ndi mmene anavulalira

Ndi bambo wa zaka 29, ali pabanja, ana awiri, amagwiritsa dzanja lamanja. Ntchito yake ndi yokweza ndi kutsitsa katundu pa shopu ina ya hadiweya, ndekuti tsiku lonse ndi matumba a simenti a makilogalamu 50, malata, mawaya a zitsulo. Akaweruka madzulo amapita ku jimu ya m'dera mwawo, zija za kuseri kwa nyumba, benchi yowotcherera kwa a welding, zitsulo zina zenizeni zina ndi simenti yowumbira m'ndowa. Wakhala akunyamula kwa zaka 7. Sasuta, mowa ndi wa Loweruka basi, shuga alibe, ndipo phewa limenelo linali lisanamuvutepo.

Tsiku la ngoziyo anali chagada pa benchi, chitsulo chake iye akuti chinali cha makilogalamu 110 kapena 120, koma poti mbali ina inali ya simenti palibe anachiikapo pa sikelo. Anali atakweza kale katatu, kachinayi akutsitsa, chitsulo chitatsala pang'ono kukhudza chifuwa, anangomva kuti phwa cha kukhwapa lamanja, mpaka mnzake amene anamuimirira kumutu anamvanso. Mawu ake anali akuti, "Adokotala, china chake chinaduka m'khwapamu, ndinachimva ndithu, mkono nkungofa pompo." Mwayi wake mnzakeyo anachiwakha chitsulo chisanamugwere pakhosi.

Pofika mmawa phewa ndi chifuwa mbali yamanja zinali zitatupa. Anapita pa chipatala china chapafupi, anamujambula X-ray, fupa lili bwinobwino, nde anamuuza kuti wabinya, amwe bulufeni apume sabata imodzi. Sindikuwanena anzathu amene anamuona koyambawo, masiku oyambirira kutupa kumabisa chilichonse, magazi amadzaza pamalo pomwe tendoni yachokapo nde chifuwa chimaoneka ngati chili bho. Kunyumba amamuthowa ndi madzi otentha, anzake a ku jimu nkumamusisita ndi mafuta. Ululu unachepa ndithu. Koma kutupa kutaphwa, mkazi wake ndi amene anaona kuti mbali ziwiri za chifuwa sizikufanananso, ndipo iyeyo atayesa kukumbatira thumba la simenti kuti alidzutse linamupulumuka. Anafika kwa ife tsiku la 13 chivulalireni.

Za ma steroid, mankhwala aja okulitsa minofu, ndinamufunsa kawiri. Koyamba anakana, mkazi wake ali pompo. Tili awiri ndinamuuza kuti achimwene, sindine wapolisi, ndikufuna ndidziwe tendoni imene ndikukasokayo ndi yotani, ndi pamene anaulula kuti kwa miyezi ingapo wakhala akudzibaya jakisoni wa testosterone amene mnzake wina amabwera naye kuchokera ku Joni. Funso limeneli muzifunsa, ndipo muzifunsa munthu ali yekha. Mankhwala amenewa amakulitsa mnofu mwachangu koma tendoni siikula nawo liwiro lomwelo, imasanduka yowuma yosatamuka bwino, nde injini yakula koma cholumikizira ku fupa ndi chakale chomwe chija.

Zomwe tinapeza pomuyeza

Choyamba ndi kumuvula malaya, onse, aime pamalo powala, muone mbali zonse ziwiri pamodzi. Zikumveka zachibwana koma ambiri timamuyeza munthu phewa atangokwinya mkono wa shati. Pakhungu lathu lakudali magazi oundana saoneka msanga ngati pa zithunzi za m'mabuku, iyeyu ndinachita kumutengera pawindo ndi pomwe ndinaona kuda kofiirira mkati mwa mkono kutsikira mpaka pachigongono.

Manja ali pansi, kusiyana kunali kochepa, nsonga ya bere lamanja inali itatsikako pang'ono basi. Koma nditamuuza kuti aphatikize zikhatho patsogolo pa chifuwa nkumakankha mwamphamvu, zonse zinaonekera, mnofu wa kumanja unakwinyika nkuthawira chapakati pa chifuwa kukhala chibulumwa, ndipo kakhoma kaja kamene kamatchinga khwapa kutsogolo kanali katapyapyala, mbali yamanzere kali kokhuthala kodzaza m'dzanja. Atatambasula mikono cham'mbali madigiri 90 ndinatsina kakhomako ndi zala ziwiri, kumanzere ndinagwira mnofu wolimba, kumanja ndinagwira khungu ndi kachingwe kowonda.

Kachingwe kameneko ndi kamene kamapusitsa anthu, nde ndiime pamenepa pang'ono. Mnofu wa pectoralis major uli ndi mitu iwiri, wina umachokera pa clavicle, fupa lija lopingasa pakati pa khosi ndi phewa, wina waukulu umachokera pa fupa la pakati pa chifuwa ndi nthiti. Yonse imakumana nkukhala tendoni yaifupi yophwatalala imene imakamera pa humerus, fupa la kumtunda kwa mkono, kunja pang'ono kwa ngalande imene mumadutsa tendoni yaitali ya biceps. Mbali ya m'munsi ya mutu waukulu uja imazembera kuseri kwa mutu wa clavicle. Munthu akamatsitsa chitsulo pa benchi, zigongono zikapitirira kutsika kumbuyo kwa thupi, madigiri 30 omalizawo ulusi wa m'munsiwu ndi umene umakokeka kwambiri kuposa wina wonse, uku ukulimbana ndi katundu, nde umayamba kuduka ndi umenewo. Kawirikawiri mutu wa clavicle umatsala uli bwinobwino, ndipo wopima akaugwira amati aa tendoni ilipo, yangong'ambika pang'ono. Pomwe mbali yaikulu yonse yazuka.

Phewa amaliyendetsa mbali zonse, pang'ono ndi ululu. Mphamvu yokokera mkono kuthupi ndi yopotolera mkati inali 4 pa 5, osati ziro, chifukwa minofu ina, latissimus dorsi, teres major ndi subscapularis, imathandizira ntchito yomweyo, nde musayembekezere kuti mkono ufa. Rotator cuff, minofu yozungulira phewa, inali bwino, biceps bwino, dzanzi panalibe, kugunda kwa magazi padzanja kuli bwino. BP inali 148/92, tinaibwereza tsiku lina inali chomwecho, ndipo kumsana kunali ziphuphu zambiri, zonsezi zikugwirizana ndi jakisoni uja.

X-ray tinajambulanso mbali ziwiri, panalibe kachidutswa ka fupa kozuka. Pa sikani ya ultrasound, tikayang'ana mopingasa kumtunda kwa mkono, mbali yabwino tendoni imaoneka ngati kamzere koyera kodutsa pamwamba pa biceps kukamera pafupa, mbali yovulala kamzereko kanali kopyapyala kumtunda ndipo m'munsi munalibe, munali madzi, nsonga ya mnofu ili chapakati. MRI sitinapange, mtengo wake ndi mzere wodikira zikanatidyera masabata amene tinalibe, ndipo manja ndi sikani zinali zitagwirizana kale. Koma amene muli ndi mwayi wa MRI, mulembe momveka kuti mukufuna khoma la chifuwa mpaka pamene pectoralis imamera pa humerus, chifukwa MRI wamba ya phewa imathera m'mwamba osafika pamalo ovulalawo, lipoti nkubwera loti zonse zili bwino.

Magazi, Hb (kuchuluka kwa magazi) 16.8, shuga bwino, impso bwino, HIV alibe.

Ndekuti matenda ake, kuzuka kwathunthu kwa mutu waukulu wa pectoralis major pafupa, mutu wa clavicle uli wamoyo, kuvulala kwatsopano kosakwana masabata 6.

Kukambirana naye

Ndinawakhazika pansi iye ndi mkazi wake. Chilungamo chake nchoti munthu atha kukhala moyo wake wonse tendoni imeneyi ili yoduka, adya, avala, alemba, ayendetsa galimoto. Kwa agogo, kapena munthu wa muofesi amene sizikumukhudza za maonekedwe, kapena pamene wang'ambika ndi mnofu weniweniwo pakati pomwe ulusi sungagwire, sitipanga opaleshoni. Koma uyu chakudya cha ana ake chimachokera pa kukumbatira katundu wolemera, ndipo mphamvu imeneyo siibwerera yonse popanda kusoka. Wofufuza wina dzina lake Bak ndi anzake mu 2000 anasonkhanitsa odwala 112 olembedwa m'mabuku, opangidwa opaleshoni amene zinawayendera bwino anali 88 pa 100 alionse, osapangidwa anali 27 okha pa 100 alionse, ndipo osokedwa msanga zinawayendera bwino kuposa ochedwa.

Funso lake loyamba silinali la ululu kapena chipsera, linali lakuti, "Nanga kuntchito ndibwerera liti?" Nditati thumba la simenti ndi miyezi 5 kapena 6, anangoti zii. Mkazi wake ndi amene anayankha kuti, "Adokotala apangeni, ine ndimagulitsa tomato, tiona mmene tichitire." Ndinawauzanso zoopsa zake, bala kulowa mafinya poti lili pafupi ndi khwapa, kudukanso, phewa kuuma, chipsera chotukumuka, fupa kuthyoka pamabowo, ndi kuvulala kwa ma nerve. Ndipo ndinanena mosabisa kuti ngati jakisoni uja sasiya, kapena ngati akabwerera ku benchi mwezi wachiwiri, kuli bwino tisayambe nkomwe. Anasaina.

Ku fiyeta

Analowa tsiku la 19 chivulalireni. A anaesthesia anamugonetsa tulo tonse ndi chubu pakhosi, ndinawapempha kuti minofu ifooke bwinobwino chifukwa mnofu wa munthu wa zitsulo sungaukoke uli wokungika. Mankhwala opha tizilombo a ceftriaxone tinamupatsa tisanacheke. Tinamukhazika chotsamira, mutu wa tebulo utadzuka ngati madigiri 45, kathumba ka mchenga kuseri kwa phewa, mkono wonse wotsukidwa uli womasuka kuti wothandizira aziutembenuza. Khwapa tinalimeta pompo, kulitsuka kawiri nkulitchinga palokha.

Ndinacheka masentimita 7 m'munsi mwa ngalande ya pakati pa deltoid, mnofu wa paphewa, ndi pectoralis, osalowa m'khwapa mwenimwenimo chifukwa chipsera chodutsa pamenepo chimakoka komanso chimanyowa ndi thukuta. Mtsempha wa magazi wa cephalic ndinaupeza nkuukankhira kunja pamodzi ndi deltoid. Apa mutu wa clavicle unaoneka uli chilili, woyera, womera pafupa bwinobwino, moti munthu wosadziwa akanatseka bala nkumati palibe vuto. Ndinaukweza m'mwamba ndi retractor, nkulowetsa chala pansi pa mphepete mwake mwa m'munsi, kachikopa kopyapyala kanabooka, madzi ofiirira a magazi akale nkukhuthuka ngati theka la kapu. Chala chinalowa m'phanga losalala, kunja ndikukhudza fupa lopanda kanthu pambali pa biceps, chapakati ndikukhudza nsonga ya tendoni itathawa masentimita 4 kapena 5, itapindikira mkati ndipo itayamba kale kumatirira ku minofu yoyandikana nayo. Mnofu umenewu ukaduka umabwerera ngati mphira ya legeni, ndipo ukakhalitsa komweko umafupika nkuumira pomwepo.

Ndinaigwira ndi chopanira cha Allis, kuika ulusi uwiri wokokera, kenako kumasula ndi chala pang'onopang'ono pamwamba ndi pansi. Pansipo muzisamala, ma pectoral nerve amalowa mu mnofu kuchokera kunsi chapakati, nde sizasi isapite kutali kumeneko, chala chokha. Nditamasula tendoni inafika pafupa mkono uli pambali pa thupi popanda kulimbana nayo kwambiri, apa mtima unakhala pansi chifukwa ndinali nditakonzeratu mwendo kuti mwina titengako tendoni ya hamstring, ya kuseri kwa ntchafu, yolumikizira, ndipo sizinafunike. Nsonga yonyenyeka ndinaidula pang'ono chabe, tendoni imeneyi ndi yaifupi kale, yotsala inali ngati masentimita awiri isanasanduke mnofu, suyenera kuwononga.

Ma anchor ndi ma button, tizipangizo tomangirira tendoni pafupa, tinalibe, ndipo banjali silikanakwanitsa kugula. Tinapanga njira yakale ya mabowo pafupa. Malo omera tendoni, kunja kwa biceps, ndinawapala ndi curette mpaka fupa kuyamba kutuluka timagazi, nkusema kangalande kosaya kotalika masentimita 4, osaboola mwakuya. Wothandizira atapotolera mkono mkati, ndinaboola mabowo atatu ndi drill ya mamilimita awiri kunja kwa kangalandeko, motalikirana sentimita imodzi imodzi ndipo sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, nkuwalumikiza ndi kangalande pogwiritsa towel clip, chopanira cha nsonga zakuthwa. Mabowo akayandikana kwambiri ulusi umang'amba mlatho wa fupa pomanga, komanso mukufooketsa humerus pamalo amene imalandira mphamvu yopotoka.

Ulusi tinagwiritsa Ethibond nambala 5, iwiri, kusoka kwa Krackow kokhoma, kukwera mu tendoni mpaka kulowa pang'ono mu mnofu nkutsikanso, ndekuti nsonga zinayi. Pamenepa ndi pamene ndimataya nthawi yambiri dala. Kafukufuku wa pa mitembo amene anayerekeza mabowo, ma anchor ndi ma button anapeza kuti mphamvu zake sizitalikirana kwambiri, ndipo kawirikawiri chimalephera ndi ulusi kung'amba tendoni, osati chitsulo cha pafupa. Nde kaya muli ndi zipangizo za madola kaya mulibe, ntchito yagona pa kasokedwe ka mu tendonimo, lupu iliyonse ikokedwe ithine musanapite pa inzake. Nsongazo ndinazidutsitsa m'mabowo ndi lupu ya nayiloni, imodzi bowo la m'mwamba, ziwiri la pakati, imodzi la m'munsi. Wothandizira anagundika mkono kuthupi nkuupotolera mkati, wina akukankha mnofu kuchokera pachifuwa ndi chikhatho, tendoni nkulowa m'kangalande kuseri kwa mutu wa clavicle mmene imakhalira mwachibadwa, ine nkumanga mfundo pamwamba pa milatho iwiri ija. Mphepete mwa m'munsi ndinalumikiza mitu iwiriyo ndi Vicryl.

Tisanatseke ndinayang'ana zinthu ziwiri. Biceps ikutsetsereka momasuka, sinagwidwe ndi ulusi kapena kupanikizika pansi pa tendoni. Ndipo ndinapotolera mkono kunja pang'onopang'ono ndikuyang'ana msoko, unayamba kukungika pa madigiri 20, nambala imeneyo ndinailemba mu faelo kuti a fiziyo adziwe malire. Kutsuka ndi saline wambiri, kutseka, khungu ndi nayiloni, dreni sitinaike. Magazi otayika ochepa, opaleshoni yonse ola limodzi ndi theka. Silingi tinamuveka asanadzuke, ndi lamba wozungulira thupi, chifukwa anyamata amphamvu ngati awa podzuka ku mankhwala amaponya mikono.

Pambuyo pa opaleshoni

X-ray ya mawa lake inali bwino, dzanja likumva paliponse, deltoid ikugwira. Anatuluka tsiku lachiwiri ndi panado ndi tramadol wa masiku ochepa. Malangizo tinamulembera mu buku lake la kuchipatala m'Chichewa, silingi usana ndi usiku masabata 6, zala, dzanja ndi chigongono aziyendetsa kuyambira lero, mkono usatambasukire m'mbali, usapotokere kunja, usapite kumbuyo, posamba awerame kuti mkono ulendewere wokha ndi pomwe apukute m'khwapa.

Sabata yachiwiri pochotsa ulusi, kumunsi kwa bala cha kukhwapa kunali kofiira kukutuluka timadzi. Inali nyengo yotentha, mkono uli chigundikire kuthupi, thukuta osauma. Ndinafinya, mafinya a mkati panalibe, thupi silinatenthe, sikani sinaonetse madzi pansi. Tinachotsa ulusi uwiri wa m'munsi, kutsuka tsiku ndi tsiku, kagozi kouma m'khwapa, cloxacillin sabata imodzi, bala linapola. Ndinaliyang'anira pafupi kwambiri chifukwa Ethibond ndi ulusi woluka wosasungunuka, tizilombo tikafika pamenepo ndekuti kubwerera ku fiyeta.

Mbali yovuta kwenikweni inali ya ndalama. Sabata yachinayi anabwera silingi ili yoyera bwino kuposa mmene silingi yovalidwa mwezi imakhalira, nditafunsa anavomera kuti masana amaivula, amathandiza mkazi wake kunyamula dengu la tomato kupita pamsika poti lendi inali itakwana. Ndinamuyeza mtima uli m'mwamba, koma kakhoma ka khwapa kanali kalipo, sikani inaonetsa tendoni ili pafupa. Kumukalipira sikukanathandiza, munthu sanavule silingi chifukwa cha mwano. Tinalemba kalata kwa abwana ake kupempha ngati angamupatse ntchito yopepuka, ndipo anamuika powerenga katundu wotuluka pageti ndi malipiro ochepa. Kalata imeneyo ndikuiwerengera ngati mbali ya chithandizo, mofanana ndi ulusi uja, ndipo ndikanakonda tizilemba tsiku lomwe wodwala akusaina fomu ya opaleshoni.

A fiziyo anayamba kulendewetsa mkono sabata yachiwiri, kenako kuukweza iwo kutsogolo mpaka madigiri 90 uli wopotokera mkati, kunja osapitirira pakati mpaka sabata ya 6. Silingi itachoka anayamba kuyendetsa yekha, kukwera khoma ndi zala, ndodo ya tsache yogwira manja awiri, kupotolera kunja kumawonjezeka pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Pa masabata 12 phewa limafika pafupifupi paliponse, nde tinayamba mphamvu ndi chubu cha njinga chodula chomangirira pa chitseko, kukokera mkati. Mwezi wachinayi ma push up a pakhoma, kenako a patebulo, mwezi wachisanu a pansi ndi katundu wa makilogalamu 10 mpaka 20. Thumba la simenti tinamulola pa miyezi 6, poyamba awiriawiri ndi mnzake.

Jakisoni anasiya tsiku lomwe tinakambirana lija, ndipo izi zinabwera ndi mavuto ake amene madokotala a mafupa sitimawaganizira. Mwezi wachiwiri anandiuza motsitsa mawu kuti thupi lafooka, sakusangalala, ndipo kuchipinda zinthu sizikuyenda. Munthu akamabaya testosterone wakunja thupi limasiya kupanga wake, nde akasiya pamatenga miyezi kuti zidzuke. Apa ndi pamene ambiri amabwerera ku jakisoni. Ndinamufotokozera iye, ndipo atavomera tinafotokozeranso mkazi wake kuti asaganize zina, nkumutumiza kwa anzathu a matenda a m'thupi amene anamutsatira limodzi ndi BP ija. Pofika mwezi wachisanu anati zabwerera.

Zoti tikambirane

Kuvulala kumeneku si kwatsopano, woyamba kukulemba anali dokotala Patissier ku Paris mu 1822, wovulalayo anali mnyamata wa mu butchala amene ankatsitsa nyama ya ng'ombe yolemera pa ngowe. Kwa zaka zambiri kunkatengedwa ngati kosowa, ofufuza ElMaraghy ndi Devereaux mu 2012 anawerenga odwala 365 okha olembedwa kuyambira nthawi imeneyo mpaka 2010, koma ambiri mwa iwo anali a zaka 20 zomalizazo, nthawi imene ma jimu ndi ma steroid anafala. Pafupifupi onse ndi amuna a zaka za pakati pa 20 ndi 40, ndipo benchi ndi imene imatsogola, kenako masewera ogundana ngati rugby ndi kugwetsana. Kuno kwathu ma jimu ali paliponse tsopano, m'tauni ndi m'ma trading centre momwe, mabaunsa, alonda, asilikali, anyamata a kabaza, nde ine ndikukhulupirira kuti odwala amenewa alipo ndithu, kungoti akuthera pa bulufeni.

Chimene chinamupulumutsa uyu ndi nthawi. Pa masabata atatu tendoni inali itayamba kale kumatirira koma inafika. Akanabwera patatha miyezi 4 kapena 6 tikanafunika kumasula kwambiri, mwina osafika, nde kumalumikiza ndi hamstring kapena fascia lata, kachikopa kolimba kokuta minofu ya pantchafu, yake yomwe, poti tendoni za Achilles, za kuchidendene, zochokera kwa anthu omwalira nkusungidwa, zimene anzathu akunja amagwiritsa kuno kulibe. Zotsatira za ochedwa zimakhalabe zabwino kuposa kusasoka, nde olo munthu abwere patatha chaka musamubweze, mutumizeni. Koma wa msanga ndi wosavuta kwa aliyense.

Kwa inu a m'maboma, amene kuyambira pomwe Dr Ed Blair anayambitsa maphunziro a ma orthopaedic clinical officer mu 1985 ndinu amene mumaona ovulala ambiri m'dziko muno, opaleshoniyi sindikuti muzipanga nokha, koma kuizindikira kuli m'manja mwanu. Mwamuna wachinyamata, anali pa benchi kapena anagwira chinthu akugwa mkono uli wotambasuka, anamva kuduka, X-ray ilibe kanthu, ameneyo muvuleni malaya, aphatikize zikhatho, mutsine khwapa mbali zonse ziwiri. Ngati kutupa kukubisa, muvekeni silingi abwerenso pakatha sabata imodzi mumuonenso, musamuuze kuti akabwere zikapanda kusintha chifukwa ululu umasintha ndithu ndipo sabwera. Pa kalata yotumizira mulembe tsiku lenileni limene anavulala, ndipo muimbe foni, asakaikidwe pa mzere wa kliniki wa miyezi itatu.

Pa njira ya mabowo, ubwino wake ndi mtengo, drill, Ethibond ndi curette zili m'fiyeta iliyonse ya mafupa. Kuipa kwake ndi koti umafunika kuvundukula fupa kwambiri cha kunja pansi pa deltoid, imatenga nthawi, ndipo kangalande kakakhala kakuya humerus itha kuthyoka, zinalembedwapo. Ma button ndikanakhala nawo ndikanagwiritsa, amafulumira. Koma kusowa kwake sichifukwa chomusiyira munthu tendoni yoduka.

Tinamuona komaliza patatha miyezi 10. Kakhoma ka khwapa kabwerera, kopyapyalako pang'ono poyerekeza ndi kumanzere, nsonga za mabere zili mulingo umodzi, akaphatikiza zikhatho mnofu sukuthawanso. Kupotolera kunja kwatsalira madigiri 10 poyerekeza ndi mbali inayo koma iye sakuzimva. Mphamvu ndi 5 pa 5 pamanja, ndipo pokoka sikelo yolendewera yomangirira pa bedi kumanja kunatsalira pang'ono chabe. Ntchito yake yakale wabwerera yonse. Ku jimu wabwerera, ndipo sindinamuletse chifukwa akanapitabe mobisa, tinangogwirizana malamulo, asapitirire makilogalamu 70 chaka chino, azikweza kambirimbiri m'malo mofuna chitsulo chimodzi chachikulu, manja asatalikirane kwambiri pa chitsulo, aziika thaulo lopinda pachifuwa kuti zigongono zisatsike kupitirira benchi, ndipo mbali yamanzere aziisamala chimodzimodzi poti nayonso inamwa jakisoni yemweyo. Chatsala ndi chipsera, theka la m'munsi latukumuka ndipo limamuyabwa, tayamba kubaya triamcinolone, mankhwala ophwetsa chipsera, pachipserapo mwezi ndi mwezi. BP yatsika kufika 132/84 popanda mankhwala, abweranso akakwanitsa chaka chichitireni opaleshoni.